CHENJEZO: Windows Ikawonongeka, Musavomere Kufomata Mafayilo Ali M'kati

Chenjezo ili ndi lanu nonse amene ntchito yanu imagona m'kompyuta: ophunzira a kukoleji amene mukulemba kafukufuku wa chaka chomaliza, aphunzitsi amene mumasungamo mayeso ndi malikisi a ana, alembi a mipingo ndi a mabungwe, eni mashopu amene ngongole za makasitomala zili mu Excel, ojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe. Likubwera tsiku limene kompyutayo idzakana kuyaka. Idzakuonetsani sikirini yabuluu, kapena timadontho tomangozungulira osatha, kapena mawu akuti "Preparing Automatic Repair" kenako n'kuzima, n'kuyakanso, n'kuzimanso. Mudzaiika m'chikwama kupita nayo kwa wokonza, ndipo iye atangoiyang'ana pang'ono adzati, "Bwana, Windows yafa iyi. Tingoifomata, madzulo mudzaitenge." Pamenepo kanani. Kanani ngakhale mawa likhale tsiku lopereka ntchitoyo, ngakhale wokonzayo akhale mlamu wanu.

Windows ndi mafayilo anu zimakhala pa disiki imodzi, koma chilichonse chili ndi malo akeake. Windows ili m'foda yake, mapulogalamu ali m'mafoda awo, ndipo zolemba ndi zithunzi zanu zili m'foda ina yotchedwa Users. Tikamati Windows yawonongeka, kawirikawiri chimene chavulala ndi tifayilo towerengeka timene timaithandiza kudzuka. Mwina magetsi anazima ili m'kati modziika zatsopano, mwina inalandira driver yosagwirizana nayo, mwina batire inatha pa nthawi yolakwika. Zolemba zanu zimakhala zili bwinobwino, palibe chazikhudza, mpaka munthu atadina batani la Format. Denga likadontha timafolera lina katundu ali m'nyumba momwemo, sitigwetsa nyumba pamodzi ndi mipando ndi matumba a chimanga. Windows nayonso ingathe kuikidwanso mafayilo ndi mapulogalamu ali m'malo mwake, ndipo njira yake inakonzedwa ndi eni ake a Microsoft.

Kumbukirani zimene zinachitika pa 19 Julayi 2024. Kampani ya ku America yoteteza makompyuta, CrowdStrike, inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake, ndipo malinga ndi Microsoft makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anagwera pa sikirini yabuluu. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera m'mayiko ambiri. Munthu woona masikirini amenewo akanati zonse zatha. Koma mankhwala ake anali kuyatsa kompyuta mu Safe Mode, kulowa m'foda ya CrowdStrike, n'kufufuta fayilo ya dzina loyamba ndi C-00000291. Zinali zokhazo. Makompyuta aja akanafikira pabenchi la munthu wothamangira kufomata, bwenzi ntchito ya zaka zambiri itatayika chifukwa cha kafayilo kamodzi.

Sindikunyoza amisiri athu. Ambiri anadziphunzitsa okha ndipo amadzutsa makina amene kwina akanatayidwa kudzala. Koma kufomata kumawakomera pa chifukwa chimodzi: n'kwachangu. Kufufuza chimene chavuta kungadye tsiku lonse, pamene kufomata n'kuikamo Windows yatsopano kumatha ola limodzi kapena awiri, ndalama n'kukhala yomweyo. Ndipo mafayilo akatayika, wolira ndinu.

Kufomata kuli pawiri. Kofulumira kuja, kumene kumatha m'masekondi ochepa, kumangofafaniza kaundula wa disiki, mndandanda wosonyeza kuti fayilo yakuti ili pamalo pakuti. Mafayilo enieniwo amakhala akadalipo, koma disiki imawaona ngati malo opanda kanthu, ndipo Windows yatsopano ikamalowa imalemba pamwamba pawo. Kufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba maziro pa chigawo chonsecho ndipo sipatsala kanthu. Komanso malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi disiki ya mtundu wa SSD, imene imatsatira lamulo lotchedwa TRIM: Windows ikangoiuza kuti malo awa sakufunikanso, iyo imawayeretsa yokha pasanapite nthawi. Choncho wina akakuuzani kuti, "Musadandaule, tikafomata tiwabweza ndi pulogalamu," dziwani kuti akutchova juga ndi katundu wanu.

Musanachite china chilichonse, imvetsereni kompyutayo. Ngati ili ndi hard disk yakale ija yozungulira m'kati, ikani khutu pafupi ndi kiyibodi pamene ikuyaka. Mukamva ikulira kuti tcha, tcha, tcha, n'kukhala chete, n'kuyambiranso, izimitseni nthawi yomweyo. Apo Windows ilibe mlandu, disiki ndiyo ikufa, ndipo kuiyatsa mobwerezabwereza, kuipima ndi chkdsk kapena kuikamo Windows ina n'kufulumizitsa maliro ake. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wakopera disiki yonseyo pa disiki ina pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati ddrescue, n'kumagwira ntchito pa yokoperayo. Disiki ikakhala kuti ikuwerengekabe, pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imanena za thanzi lake ndi mawu amodzi: Good, Caution kapena Bad. Mukaona awiri omalizawo, iwalani zokonza Windows pa disiki imeneyo. Tulutsani mafayilo, gulani disiki ina.

Disiki ikakhala yabwino, ntchito yoyamba ndi yomweyo: kutulutsa mafayilo. Musamvere zoti kompyuta yosayaka simungatulutsemo kanthu. Njira zilipo ziwiri ndipo mmisiri aliyense woyenera dzinalo amazidziwa. Yoyamba ndi kumasula disiki, kuiika m'kabokosi kake ka USB, n'kuilumikiza ku kompyuta ina, kumene imaoneka ngati fulashi yaikulu. Yachiwiri, imene imathandiza pa malaputopu amene disiki yake inawotchereredwa pabodi, ndi kuyatsira kompyuta pa fulashi imene ili ndi Ubuntu kapena Linux Mint. Mukasankha "Try Ubuntu", kompyuta imayendera pa fulashipo osaika chilichonse pa disiki yanu, ndipo mumatha kutsegula mafoda anu n'kukopera zonse. Samalani kuti dzanja lisaterereke n'kusankha "Install Ubuntu", chifukwa njira imeneyo ili ndi pofufutira disiki yonse.

Pokopera, anthu ambiri amatenga Documents ndi Pictures n'kumati amaliza. Ayi, tengani foda yonse ya dzina lanu imene ili mu Users. Mmenemo muli Desktop, pamene ambirife timaunjika ntchito ya tsiku ndi tsiku, muli Downloads, mmene muli makalata ndi ziphaso zimene munalandira pa imelo, komanso muli foda yobisika yotchedwa AppData, imene siioneka mpaka mutaiuza kompyuta kuti ionetse zobisika. Mu AppData ndi mmene mapulogalamu ambiri amasunga zinthu zawo. Ogwiritsa ntchito Outlook afufuze mafayilo othera ndi .pst, chifukwa maimelo akale a zaka zambiri angakhale ali mmenemo osati pa intaneti. A maakaunti amene amagwiritsa ntchito QuickBooks afufuze mafayilo othera ndi .qbw, ndipo adziwe kuti nthawi zambiri amakhala mu Users, m'foda ya Public, osati m'foda ya dzina lawo. Mapulogalamu ena a kusukulu ndi a m'mashopu amasunga zinthu zawo pa C: penipeni, m'foda yawoyawo. Mapasiwedi osungidwa mu Chrome kapena Edge ndi nkhani ina: amamangiriridwa ku akaunti ya Windows imene ilipoyo, moti kungokopera foda sikuwapulumutsa. Ngati simunalowe mu Chrome ndi akaunti yanu ya Google kuti azisungidwanso kumeneko, aoneni n'kuwasunga Windows ikadali kutseguka.

A OneDrive, chenjerani ndi kachizindikiro ka mtambo pambali pa fayilo. Kamatanthauza kuti fayiloyo ili pa intaneti, pa disiki pali dzina lokha. Fayilo yotere mudzaipeza pokhapokha mukukumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti yanu ya Microsoft.

Mukamaliza kukopera, musakhulupirire mawu akuti "zonse zalowa". Tengani disiki kapena fulashi imene mwakoperapo, ikani pa kompyuta ina, tsegulani mafayilo angapo ndi maso anu: chaputala chomaliza cha kafukufuku, buku la ngongole la mwezi uno, zithunzi za ukwati wa sabata yatha. Yerekezani kukula kwa foda yoyamba ndi kwa yokoperayo. Pamsika pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB kapena 128 GB pamene m'kati mwake ndi ochepa kwambiri. Amaonetsa mayina a mafayilo onse bwinobwino, koma mukatsegula mumapeza zinyalala. Ndiponso, pamene mafayilo anu akukoperedwa, khalani pomwepo. M'kompyuta mwanu muli zithunzi za banja, makalata a kubanki, chiphaso chaunzika, ndi zina zoti mlendo sayenera kuona. Mafayilowo akopereredwe pa disiki yanu, osati pa kompyuta ya wokonza yoti mawa adzakhalapo munthu wina.

Tsopano pali msampha umene ukugwira anthu ambiri masiku ano, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ulipo. Dzina lake ndi BitLocker. Imeneyi ndi njira ya Windows yokhomera disiki yonse kuti wakuba asawerenge za m'kati. Malaputopu ambiri amabwera itayatsidwa kale, ndipo kuyambira pa Windows 11 ya 24H2 imadziyatsa yokha pa makompyuta ochuluka munthu akangoika Windows yatsopano n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft. Masiku onse simuiona, chifukwa kompyuta imadzitsegulira yokha. Koma mukachotsa disiki n'kuiika pa kompyuta ina, kapena wokonza akasintha zina mu BIOS, monga Secure Boot, pofuna kuyatsira pa fulashi, pamabwera sikirini yofunsa kiyi ya manambala 48. Popanda kiyi imeneyo mafayilo anu satseguka. Palibe mmisiri wa ku Limbe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg amene angaiswe, ndipo a Microsoft amanena poyera kuti nawonso sangathe kupanganso kiyi yotayika. Pa vuto la CrowdStrike lija, maofesi ambiri anachedwa kudzuka chifukwa chosakasaka makiyi amenewa.

Kiyiyo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa pa kompyutayo, ndipo mungaione ngakhale pafoni mukatsegula account.microsoft.com/devices/recoverykey. Vuto lathu n'lakuti makompyuta ambiri amene tili nawo ndi a kaunjika, ochokera ku Britain, ku South Africa kapena ku Dubai, ndipo ena anatikonzera ndi mwana wa achemwali kapena wogulitsa pashopu, amene analowa ndi imelo yake. Zikatero kiyi ya disiki yanu ili m'manja mwa munthu wina, mwina woti nambala yake munaitaya kale. Laputopu imene inali ya kampani kiyi yake ingakhale ili ku kampaniyo. Safunsa adadya phula: funsani lero, kompyuta ikadali kuyaka, kuti disiki yanu ndi yokhoma kapena ayi.

Mafayilo akakhala kuti ali pabwino, ndiye muyambe kukonza, ndipo muyambire pa zing'onozing'ono. Windows ikalephera kudzuka kawiri motsatizana, imalowa yokha pa sikirini yokonzera. Dinani "Troubleshoot", kenako "Advanced options". Pamenepo pali "Startup Repair", imene imakonza tifayilo todzutsira Windows. Pali "Uninstall Updates", yothandiza kwambiri ngati vuto linayamba kompyuta itangomaliza kudziika zatsopano. Pali "System Restore", imene imabweza Windows mmene inalili tsiku lina lam'mbuyo osakhudza zolemba zanu, ngakhale imachotsa mapulogalamu amene munaika pambuyo pa tsikulo, ndipo imagwira ntchito pokhapokha ngati inali yoyatsa kale. Palinso "Startup Settings", polowera mu Safe Mode, mmene mungachotsere driver kapena pulogalamu imene yabweretsa chisokonezo. Zonsezi sizifufuta fayilo yanu ngakhale imodzi.

Windows ikatseguka koma n'kumachita zachilendo, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, dikirani imalize, kenako lembani sfc /scannow. Malamulo awiriwa amafufuza mafayilo a Windows amene awonongeka n'kuikapo abwino. A Windows 11 ali ndi mwayi wina: mu Settings, pa System, pa Recovery, pali mawu akuti "Fix problems using Windows Update" ndi batani la "Reinstall now". Limeneli limaikanso Windows yomwe muli nayoyo n'kusiya mafayilo, mapulogalamu ndi makonzedwe anu. Limafuna intaneti yodalirika ndi bandulo yokwanira.

Njira yaikulu, imene ndikufuna kuti aliyense aidziwe ngakhale sadzaichita yekha, ndi kuikanso Windows pamwamba pa inzake. Mumapanga dawunilodi fayilo ya ISO ya Windows kuchokera pa webusaiti ya Microsoft, kapena kukonza fulashi ndi Media Creation Tool. Kenako, Windows yanu yodwalayo ili chiyakire, mumatsegula ISO kapena fulashiyo n'kudina setup.exe. Ikafufuzafufuza imafika pa sikirini yakuti "Choose what to keep", pamene pali mizere itatu: kusunga mafayilo anu pamodzi ndi mapulogalamu, kusunga mafayilo okha, kapena "Nothing". Sankhani woyambawo, "Keep personal files and apps". Musanadine "Install", werenganinso sikirini yomaliza, imene imabwereza zimene mwasankha. Kompyuta imazima n'kuyaka kangapo, ndipo ikamaliza mumapeza Word ali pomwepo, pulogalamu ya maakaunti ili pomwepo, chithunzi cha mwana wanu chili pa sikirini monga kale, koma mafayilo a Windows ali atsopano.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye mvetsetsani. Njira imeneyi imatheka pokhapokha mwatsegula setup.exe muli m'kati mwa Windows. Mukazimitsa kompyuta n'kuiyatsira pa fulashi, mwalowera khomo lina, ndipo kumeneko mapulogalamu sasungika. Mu Safe Mode namonso siitheka. N'chifukwa chake kuli kofunika kulimbana ndi Startup Repair ndi zinzake zija mpaka Windows itatseguka, ngakhale ikutsimphina: ikangofika pa Desktop, mwapeza polowera.

Nthawi zina mumafika pa sikirini ija n'kupeza mzere woyamba uli wotuwa, wosadinika. Musanene kuti basi tisankhe wachiwiri. Bwererani, chifukwa pali chimene sichikugwirizana. Mwina ISO yanu ndi yakale kuposa Windows imene ili m'kompyuta. Mwina kompyuta ili ndi Windows ya Enterprise, monga zimakhalira ndi makina amene anali a makampani, pamene ISO ya anthu wamba ilibe mtundu umenewo. Koma kawirikawiri vuto limakhala chilankhulo. Kwa ife Chingerezi ndi Chingerezi, koma kwa Windows cha ku America ndi cha ku Britain ndi zilankhulo ziwiri zosiyana. Laputopu yochokera ku Britain imakhala ndi en-GB, imene pa webusaiti ya Microsoft imatchedwa "English International", pamene fulashi imene amisiri ambiri amayenda nayo m'thumba ndi ya en-US. Lembani dism /online /get-intl mu Command Prompt ndipo mudzaona chimene kompyuta yanu ili nacho. Kachinthu kakang'ono kameneka kachotsetsa anthu mapulogalamu awo popanda chifukwa.

Dziwaninso kuti Media Creation Tool imafuna fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndipo imafufuta zonse zimene zili pa fulashiyo. Musaipatse fulashi yomwe mwangosungapo mafayilo anu. Fayilo ya Windows imapitirira 5 GB, choncho bandulo yake muikonzekere. Pa C: pakhale malo opanda kanthu okwanira, 20 GB kapena kuposa ndi bwino. Ndipo nkhani ya magetsi musaitenge mopepuka. Windows ikazimiridwa magetsi ili pakati podziika, vuto laling'ono limasanduka lalikulu. Laputopu ikhale yodzaza batire ndiponso ili pachaja. Ngati batire yake inafa kale, kapena ndi kompyuta ya patebulo yopanda UPS, pitani nayo kumene kuli sola kapena jenereta yodalirika. Musayambe ntchitoyi madzulo a mvula ya ziphaliwali.

Pali batani lina limene dzina lake limanyenga anthu: "Reset this PC". Limakupatsani "Keep my files" ndi "Remove everything". Munthu amaona loyambalo n'kumati zonse zisungika. Limasungadi zolemba ndi zithunzi, koma mapulogalamu onse amene munaika nokha limawachotsa, n'kukusiyirani kafayilo pa Desktop kotchula mayina a amene achotsedwa. Ngati muli ndi Office yogula, pulogalamu ya maakaunti, kapena ya kusukulu imene anakuikirani anthu oti anachoka kale, ganizani kawiri. Kodi makiyi ake muli nawo? Kodi fayilo yoikira muli nayo? Ngati mulibe, Reset ikhale njira yomalizira.

Zikavuta kwambiri, Windows n'kukaniratu kutseguka, mpaka pofunika kuyatsira pa fulashi, kufomata sikunafikebe. Posankha kuika Windows yatsopano, pamabwera sikirini ya mndandanda wa zigawo za disiki: Partition 1, Partition 2, Partition 3, ndipo pomwepo pali mabatani a Delete ndi Format. Pa sikirini imeneyi ndi pamene ntchito za anthu zimafera, ndipo maso anu akhale pa dzanja la wokonza. Akasankha chigawo chimene muli Windows yakale n'kudina "Next" osakhudza Delete kapena Format, zakale zonse zimasamutsidwira m'foda yotchedwa Windows.old, ndipo mafayilo anu mumakawapeza mmenemo, mu Users. Mapulogalamu okha ndiwo sagwiranso ntchito, ayenera kuikidwanso. Koma foda imeneyi si nkhokwe: Windows imaifufuta yokha pakapita masiku 10, ndipo Disk Cleanup ingaichotse tsiku lomwelo. Tulutsanimo zanu musanagone. Amene mumasunga zinthu pa D: musadzinamize kuti muli kutali ndi ngozi. Kawirikawiri D: ndi chigawo chabe cha disiki yomweyo, ndipo pa sikirini ija sichilembedwa kuti D:, chimangooneka ngati Partition ina yoti munthu wofulumira angaifufute.

Kodi ndiye kuti kufomata n'koletsedwa? Ayi, kuli ndi nthawi yake. Kompyuta ikagwidwa ndi vairasi yozama, kuikanso Windows pamwamba sikuichotsa, chifukwa njira imene imasunga mapulogalamu anu imasunganso zoipazo. Apo mafayilo atulutsidwe, apimidwe ndi antivairasi pa kompyuta ina, disiki ifufutidwe, Windows ilowe yatsopano. Chimodzimodzi pogulitsa kompyuta kapena poipereka kwa wina. Koma Windows yolowayo ikhale yochokera kwa Microsoft. Ma Windows osinthidwasinthidwa amene amayenda m'mafulashi, ndi timapulogalamu tobera layisensi, ndi njira yodziwika yolowera mavairasi. Vairasi ya STOP/Djvu, imene imakhoma mafayilo a munthu n'kumufunsa dipo, yafala kwambiri kudzera m'mapulogalamu obedwa oterewa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amaika zobedwa pa kompyuta yoti ili kale ndi layisensi yake: kuyambira pa Windows 8, makina ambiri a m'fakitale amabwera kiyi ili m'bodi, ndipo Windows ya mtundu womwewo imadzitsimikiza yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Mafayilo anu akakhomedwa ndi vairasi ya dipo, musawafufute. Asungeni pa disiki ina n'kukaona pa webusaiti ya No More Ransom, imene inayambitsidwa mu 2016 ndi Europol, apolisi a ku Netherlands ndi makampani oteteza makompyuta, ndipo imapereka kwaulere zotsegulira mitundu ina ya mavairasi amenewa.

Kwa inu amene mukuwerenga izi zitachitika kale: izimitseni kompyutayo tsopano. Musaikemo pulogalamu ina, musapange dawunilodi kanthu, musaonerepo filimu. Chilichonse cholembedwa pa disikiyo chikukwirira zimene zatsala. Disikiyo ichotsedwe, ilumikizidwe ku kompyuta ina, ifufuzidwe ndi PhotoRec kapena Recuva, ndipo zopezekazo zisungidwe pa disiki ina, osati pa yomweyo. PhotoRec imabweza mafayilo opanda mayina awo akale, moti mudzakhala ndi ntchito yotsegula imodziimodzi. Pa hard disk yakale mwayi umakhalapo ndithu. Pa SSD ndi wochepa kwambiri, ndipo musalipire ndalama zambiri kwa munthu wolonjeza kuti abweza zonse.

Chenjezoli lafika pa nthawi yake chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, monga inasiyira Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Anthu ambiri akuuzidwa kuti asamukire ku Windows 11, ndipo makompyuta ochuluka akupita kwa okonza asakudwala n'komwe. Windows 11 imafuna TPM 2.0, RAM ya 4 GB ndi disiki ya 64 GB kapena kuposa, ndiponso purosesa yosakalamba kwambiri. Makina oyenerera amasamuka mafayilo ndi mapulogalamu ali momwemo, popanda kufomata. Osayenerera ndi amene amakakamizidwa ndi njira zachidule, ndipo pamenepo disiki imafufutidwa kawirikawiri. Ngakhale njira yovomerezeka si yoti n'kuigonera tulo. Mu Okutobala 2018 Microsoft inaimitsa Windows 10 ya 1809 patangopita masiku ochepa itatuluka, chifukwa inafufuta mafayilo a anthu ena m'mafoda ngati Documents. Ngati eni ake anaphonyapo chonchi, palibe njira yoikira Windows imene muyenera kuiyamba mafayilo anu ali pamalo amodzi okha. Amene mapulogalamu awo ndi ovuta kuwapezanso achite choposa apa: ajambule disiki yonse ndi Clonezilla, kapena ndi "Create a system image" ya mu Control Panel, kuti zikavuta abweze zonse mmene zinalili.

Kwa inu amisiri, pempho langa ndi ili: musadine Delete kapena Format mwini kompyuta asanaone mafayilo ake pa disiki ina ndi maso ake. Mufunseni za BitLocker musanalowe mu BIOS. Muuzeni mosabisa kuti kukonza kosunga zonse kutenga nthawi yaitali ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Ambiri adzalipira mosanyinyirika, ndipo adzakutumizirani anzawo.

Ndipo inu eni makompyuta, musadikire sikirini yabuluu. Usiku uno kopererani foda yanu ya mu Users pa disiki ina, ndipo disikiyo muziisunga kwina, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Zolemba zofunika kwambiri ziikeninso pa Google Drive, imene imapereka 15 GB kwaulere, kapena pa OneDrive, imene imapereka 5 GB. Kenako tsegulani akaunti yanu ya Microsoft, pezani kiyi ya manambala 48 ija, ilembeni papepala ndi cholembera, muiike pamodzi ndi ziphaso zanu za sukulu.